Galimoto ya Alamu ndi Velo Yanga

Chaka chimene ndinakwatiwa, alamu anga, akulu awo a amuna anga, anabwera kuchokera ku Joni ndi galimoto imene anthu a kwa Nkhulambe anali asanaionepo chibadwire. Inali nthawi ija zipani zitangochuluka, aliyense akuyankhula zakukhosi, ifenso atsikana titayamba kuyesa mathalauza kuchipinda chitseko chili chotseka. Galimotoyo inali yofiira psuu, ya zitseko ziwiri, mipando iwirinso basi, ndipo inali yaifupi moti nkhuku ikafuna kudutsa pansi pake inkayamba yaganiza kaye. Eni ake ankati mtundu wake ndi sipoti, yopangidwira liwiro. Kwathu kothamangira kunalibe. Inkangokwawa m'misewu yathu yamiyala, mimba ikukhula pansi, njinga za chinangwa zikuipitirira.

Alamuwo anali munthu wamatama koma wamtima wabwino. Ankavala magalasi akuda ngakhale kunja kuli mitambo, ndipo poyendetsa chigongono chinkakhala panja pa windo, nkhope kumphepo, kuti aliyense aone bwino mwini galimoto. Chinanso chimene muyenera kudziwa n'chakuti ankafwenkha fodya wamphuno kuyambira ali mnyamata. Mphuno zawo zinali zokongoletsera nkhope chabe. Ndiwo zikapserera iwo ankamva kwa anthu.

Atamva kuti mng'ono wawo akumanga ukwati woyera, anadziguguda pachifuwa pamaso pa ankhoswe: "Mkwatibwi akwera sipoti. Za malole ndi mapikapu asiyireni ena." Ine kumva zimenezo ndinasowa pogwira ndi chimwemwe. Ndinauza aliyense, kuchitsime, kuchigayo, kumunda kothyola nandolo, ngakhale amene sanandifunse. Anzanga anatopa nane, ndipo ine sindinasamale.

Ukwati utalengezedwa kale kutchalitchi, alamu ananditenga kupita ku Migowi kukayesa diresi kwa telala. Kumeneko ndinakonzetsanso tsitsi, kuliwongola ndi mankhwala aja oyabwa, kuti ndione mmene lidzakhalire pa tsikulo. Pobwerera tinagula thumba la mpunga wa paphwando. Buti ya galimotoyo inali yongokwana chikwama cha m'manja, ndiye thumba linalowa theka, theka lili panja, chitseko chake n'kuchimanga ndi mphira za chubu monga timachitira pa njinga. Ine ndinatseka windo langa kuti fumbi lisakakamire pa tsitsi. Alamu lawo linali lotsekula monga mwa masiku onse.

Tisanafike ndi pakati pomwe, mutu unayamba kugunda. Kenako malovu anadzaza m'kamwa, phiri la Michesi likuoneka ngati likuyenda. Ndinkamva kafungo kowawa, kokanda kukhosi, koma ndinati mwina ndi mmene galimoto zapamwamba zimanunkhira, ine wakumudzi ndisadzichititse manyazi. Ndinakhala mowongoka, kumwetulira anthu a m'mbali mwa msewu.

Tsiku limenelo amayi a mpingo ankandidikira kutchalitchi kuti andilangize za banja. Anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, onse m'malaya awo oyera, ndipo patsogolo panali amayi atcheya a bungwe la amayi, munthu wamkulu thupi ndi mawu omwe, amene akakuyang'ana unkakumbukira machimo a chaka chatha. Njira yonse ndinkalota mmene nditsikire: mwendo umodzi kaye, kenako tsitsi. Galimoto itaima ndinatsegula chitseko, ndinaponya mapazi awiri kapena atatu, basi zonse za m'mimba zinabwerera, pafupi penipeni ndi nsapato za amayi atcheya.

Palibe anafunsa chimene ndinadya. Amayi onse aja maso awo anatsika kuchoka pankhope yanga n'kukaima pamimba.

Mwambo wa mpingo wathu unali wodziwika. Mtsikana akapezeka ndi pakati ukwati usanachitike, savala velo, salowa m'tchalitchi ndi nyimbo. Amakhala kaye pa chilango, ndipo ukwati amadzaudalitsira muofesi ya abusa tsiku lapakati pa sabata, opanda nthungululu. Amayi atcheya anapukuta nsapato yawo pa udzu n'kunena mofatsa: "Mwana iwe, chilangizo chalero tachiimika. Pita ukaganize bwino, ukatiuze zoona. Velo siiphimba mimba."

"Amayi, ine ndilibe kanthu. Ndi galimotoyi."

"Galimoto," anatero, akugwedeza mutu. "Ena amati ndi mango osapsa, ena amati ndi malungo. Ya galimoto ndiye ndaimva lero."

Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika kutali, kwa Jenala uko. Ena mpaka anali atawerenga kale miyezi. Koma chimene chinandilasa mtima si anthu akunja ayi, anali amayi anga ondibereka. Iwo akakwiya ankasiya Chichewa n'kundikalipira m'Chilomwe mpaka mpweya kuwathera. Tsiku limenelo sanayankhule chinenero chilichonse. Anangotenga velo pamene ndinaipachika, kuipinda bwinobwino, kuiika pansi pa sutikesi yawo. M'mawa mwake anakwera njinga kupita kumsika osandiuza chimene akukagula. Ndinalira ndi ukali, osati chisoni.

Mnyamata wanga, amene pano ndi bambo a ana anga, anali mphunzitsi wofatsa, koma ali ndi nthenda yoseka pamalo osayenera. Atamva anabwera akuthamanga, n'kuyamba kuseka asanakhale ndi pansi pomwe. "Iwe ukudziwa, ine ndikudziwa, Mulungu akudziwa," anatero. Ndinamuyankha kuti atatu onsewo sakhala pa mpando wa bungwe la amayi. Anati ndipite kuchipatala akandiyeze. Ndinakana kwamtuwagalu. Ndikafole pamzere wa amayi oyembekezera, botolo lili m'manja, anthu a m'mudzi mwathu akundiona? Kumeneko kukanakhala kuthira mafuta pamoto. Ndiponso amayi atcheya anali atanena kale kuti masiku a matipate ano pepala lililonse limapezeka.

Chimene chinandipatsa poyambira ndi thumba la mpunga lija. Pomwe ndinkalikokera m'nyumba, ndinaona kuti mbali imene inali panja pa buti yada ndi mwaye. Ndinanunkhiza. Fungo lomwe lija lokanda kukhosi. Ndinanunkhiza nsalu imene ndinavala pa ulendowo, chimodzimodzi. Ndinanyamula nsaluyo kupita nayo kwa alamu ngati ndagwira wakuba.

"Alamu, galimoto yanu ikulowetsa utsi m'kati."

Anavula magalasi. "Mlamu, galimoto imeneyi ankayendera mwana wa bwana wanga, mzungu weniweni. Ine ndachoka nayo ku Joni mpaka kuno, sindinamve fungo lililonse."

"Inu munamvapo fungo la chiyani chibadwire?"

Mng'ono wawo anagwa pansi ndi phwete. Choncho ndinamulanga pomupanga kukhala mphuno yathu. Tinamulowetsa m'galimoto, kutseka mawindo onse, alamu n'kuliza injini. Anakhala m'menemo akutiseka kudzera pagalasi, kenako kuseka kunayamba kuchepa, kenako anatuluka misozi ili chuchuchu akutsokomola. "Achimwene," anatero, "muno muli ngati m'chigayo."

Tsopano vuto linali kuona pansi pake, poti galimotoyo ngakhale mphaka sakanakwawirako. Kuseri kwa nyumba ya apongozi kunali ngalande yopapatiza imene anakumba kuti madzi ochokera kuphiri asamalowe m'munda. Alamu anaiyendetsa pang'onopang'ono mpaka matayala anatangadza ngalandeyo, awa uku, awa uku. Iwo mimba sinawalole kulowamo. Mng'ono wawo anali akadali ndi chizungulire. Ine ndinalowa m'nyumba, kubwereka thalauza yakumunda ya mnyamata wangayo, kumanga mpango pa tsitsi langa lodula lija, n'kutsikira m'ngalande. Apongozi anga aakazi atatuluka n'kuona mkwatibwi wawo wavala thalauza, ali chagada pansi pa galimoto, anangobwerera m'nyumba mwakachetechete.

Paipi yotulutsa utsi, ya ekizozi, inkachokera ku injini, kudutsa pansi pa mipando, mpaka kumbuyo. Ndi maso sindinaone chilichonse, dzimbiri ndi dothi basi. Nzeru inachokera ku njinga. Tonse kwathu timadziwa kuti chubu chikaphulika umachipopa n'kuchimiza m'madzi, pomwe pakutuluka thovu ndi pomwe pabooka. Galimoto sitikanaimiza mu beseni, ndiye tinati madziwo apite okha ku galimoto. Tinadikira paipi izizire, ndinasungunula sopo m'mbale mpaka thovu kusefukira, n'kupaka paipi yonse. Mnyamata wanga anatseka kukamwa kwa paipi ndi chiguduli, akuchikankha ndi chidendene, alamu n'kuliza injini.

Ndinamva kaye kamluzu, psiii, kenako ndinaona. Pansi penipeni pa mpando umene ndinakhala ine, thovu linkafufuma n'kuphulika, kufufuma n'kuphulika. Paipi inali ndi mng'alu wautali ngati chala, pomwe mwala unaimenya. Ndinakuwa ngati ndatola ndalama. "Zimitsani! Ndamupeza mfiti!"

Nditapukuta sopo m'maso ndinaonanso china. Pamwamba pa mng'aluwo, pa chitsulo chimene timapondapo tikakhala m'kati, panali bowo lozungulira bwinobwino, m'mphepete mwake muli bii ndi mwaye. Ndinalowetsa chala, chinakagunda kapeti.

"Alamu, bowo ili ndi la chiyani?"

Anayankha ndi mawu aang'ono. Pobwera, mlatho wina unali utakokoloka, ndiye anawoloka mtsinje pamadzi, madzi n'kudzaza m'kati. Kuti atuluke, anazula kachotsekera ka mphira kamene kanali pabowopo. Madzi anatulukadi. Kachotsekerako anakaika pamwala kuti kaume, ndipo ngati palibe anakatola kakadali pomwepo mpaka lero.

Kukonza kwake kunali kosangalatsa kuposa kuvina. Tinadula chitini cha mafuta ophikira, kuchikulunga pa mng'alu, kumanga ndi waya mpaka thovu linasiya kutuluka. Chotsekera bowo tinachisema kuchokera ku patapata yakutha ya apongozi aamuna, n'kuchikhomerera ndi mwala. Buti tinaitseka mpaka inalira kuti khe, alamu atavomera kuti ikakhala yotsekula imakoka utsi wa kumbuyo kuulowetsa m'kati. Ndinakwera ndi thalauza yanga yamatope, windo langa lotseka, tinapita mpaka kusukulu n'kubwerera. Ndinkakoka mpweya mwadala, kudzaza chifuwa. Kunalibe kanthu, kafungo ka sopo basi. Ndinayamba kuimba nyimbo ya ukwati, alamu akuyankha ndi hutala, mnyamata wanga akutithamangira pambuyo pa njinga manja ali m'mwamba.

Chimwemwe chimatseka nzeru. Ndinangosintha zovala, tonse ulendo kwa amayi atcheya. Tinawapeza akusenda chinangwa choti ayanike makaka, ndi amayi ena angapo a mpingo, ndipo amayi anga analinso pomwepo, atakhala chapatali. Ndinagwada n'kunena kuti mboni yanga yafika, ndikupempha kuti akwere adzionere okha.

Anasamba m'manja, kuvala malaya awo oyera, kulowa m'galimoto movutikira, galimoto n'kutsikiranso pansi. Anapita. Atabwerera anatuluka nkhope ili ngwee ngati mtsikana.

"Galimoto yabwino bwanji! Mpando wake ngati matiresi. Ine mutu uli bwinobwino, m'mimba muli zii. Ndiye umati chakusanzitsa n'chiyani, mwana iwe?"

Ndinayang'ana alamu, alamu anayang'ana mng'ono wawo. Apa m'pamene tinazindikira chimene tachita. Tsiku lonse tinatha mphamvu kuchiritsa mboni yathu, n'kubwera nayo ku bwalo ilibe chonena. Mnyamata wanga analuma mlomo, mapewa akugwedezeka, ndipo ndikanakhala pafupi ndikanamuponda chala. Amayi anga anaweramitsa mutu. Ine misozi inali pafupi, koma ukali unafika msanga. Ndinafotokoza zonse mothamanga, za thovu, za chitini, za patapata, ndikuonetsa zikhadabo zanga zakuda.

Amayi atcheya anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Anali ouma mtima, koma okondera sanali. "Chabwino," anatero. "Munthu sabwera ndi mbale yotsuka n'kumati munali ntchentche. Bwezeretsani zonse mmene zinalili. Chitini chichoke, patapata ichoke, thumba libwerere kumbuyo. Ndikwera ulendo womwe unakwera iwe. Ndikabwera wamphamvu, velo uiwale."

Tinabwerera kungalande, ndipo ndinamasula ndi manja anga waya amene ndinamanga ndikuimba. Patapata tinaizula, mpunga tinaubweza mu buti ndi mphira zake. Pokwera kachiwiri amayi atcheya anatseka windo lawo, n'kuloza la alamu. "Bambo, tsekani ilonso. Malaya anga ndi oyera, sindifuna fumbi." Alamu anabweza chigongono m'kati koyamba chibwerere ku Joni.

Lero ndimadziwa kuti utsi umenewu umapha. Tsiku limenelo sitinkadziwa. Ndinangokhala pamphasa ndikupemphera pemphero limene sindikhulupirira kuti lina lotero linamvekapo kumwamba: Ambuye, asanzitseni amayi awa, pang'ono pokha.

Sanafike n'komwe ku Migowi. Posakhalitsa tinaona kofiira kakubwerera, kakuyenda mokhotakhota, mawindo onse ali pululu. Kanaima patali ndi nyumba. Zitseko ziwiri zinatseguka nthawi imodzi. Amayi atcheya anatuluka mwaulemu wawo wonse, kukonza duku, kuyenda mapazi angapo, kenako analiyatsa liwiro kulowa m'munda wa nandolo wa kumanja. Alamu, magalasi ali pamphumi, analowa wa kumanzere. Phokoso limene linachokera mbali zonse ziwiri silinafune womasulira.

Woyamba kubwera anali alamu, nkhope yatuwa. Mng'ono wawo anawayang'ana pamimba paja n'kufunsa mwaulemu: "Achimwene, nanunso? Bwanji osatiuza?"

Bwalo lonse linaphulika. Amayi aja ankagubuduka pamphasa, wina anagwetsa lichero la chinangwa. Amayi atcheya anatuluka m'nandolo akupukuta pakamwa ndi nsonga ya nsalu, anapempha madzi, anachukucha, n'kuima pakati pathu. "Ngati iyi ndi mimba," anatero, "ndiye kuti ine ndi bambo awa tichira mwezi umodzi." Kenako anatembenukira kwa ine. "Mwana iwe, tinakulakwira. Uvala velo yako. Koma chinthu ichi mukachiwotcherere kwa amisiri, osati za zitini zanuzo, apo ayi mkwatibwi ayenda wapansi."

Nthungululu inayambira kwa iwo omwe. Ine ndinavina, ndinalumpha, ndinakumbatira ngakhale amayi amene anandiwerengera miyezi aja. M'mawa mwake alamu anapita kukawotchereretsa paipi, koma chotsekera cha patapata chija tinachibwezeretsa, ndipo chinakhala pomwepo mpaka galimoto inagulitsidwa.

Madzulo a tsiku la chiweruzolo ndinayenda ndi amayi anga kubwerera kunyumba. Iwo anali ataseka nawo mpaka kugwira nthiti, koma ine kamtima kanali kakadali kowawa. Titalowa m'nyumba ndinalephera kusunga.

"Amayi, anthu ena onse ndawakhululukira. Koma inu? Inu amene munandibereka, osandifunsa ndi kundifunsa komwe?"

Anakoka sutikesi pansi pa bedi, kutulutsa velo, kuikung'untha, kundipatsa. Pansi pake panali kanthu kena kokulunga m'pepala la kumsika. Anafuna kukabisa koma ndinali nditaona kale. Ndinamasula. Inali nsalu yatsopano yolimba, ya mtundu uja amayi amaberekera ana, ndi tizipewa tiwiri ta ulusi, tating'ono moti chibakera changa sichikanalowamo.

"N'zimene munapitira kumsika?"

"Ndinkaopa kukufunsa," anatero, maso ali pansi. "Ndinati ndikakufunsa udzanama chifukwa cha mantha, kapena udzathawa, kapena udzapita kwa anthu aja opatsa mankhwala. Ndiye ndinati velo akakukaniza akukanize, tchalitchi n'chawo. Koma iwe ndi wanga, ndipo chimene chikubweracho chisapeze tilibe pochilandirira."

Ndinakhala pabedi, velo kudzanja ili, tizipewa kudzanja ili, osadziwa kuti ndiseke kapena ndilire, ndipo ndinachita zonse ziwiri.

Pa tsiku la ukwati ndinakwera sipoti, mawindo otseka, tsitsi lili m'malo mwake, mpweya uli bwinobwino. Mkwatibwi kwathu amayenera kuweramitsa nkhope, osaonetsa mano. Ndinayesetsa mpaka pakhomo la tchalitchi, pomwe amayi atcheya, pondikonza velo, ananong'ona kuti, "Ine wanga uja wayamba kale kugunda m'mimbamu." Chithunzi chathu chapakhomopo chilipo, mkwatibwi kukamwa kuli yasa.

Nsalu ija amayi anaibweza pansi pa sutikesi, osaivala ngakhale tsiku limodzi. Mwana wanga woyamba atabadwa, nyengo zamvula ziwiri zitadutsa, anabwera nayo kuchipatala ikadali ndi mapindo ake a kumsika, ndipo anandimangirira okha mwanayo kumsana.